Masiku Akwana Koma Matenda Sanayambe

Phunziro 14

Tiwerenge

Ife a ku Tsangano ndi a ku Macanga ndife alimi. Tikabzala chimanga timadziwa mwezi umene tidzakolole. Tikabzala mbatata ya kachewere timawerenga masabata mpaka nthawi yokumba. Koma tsiku lenileni limene mbeu idzakhwime palibe amalidziwa. Mimba nayonso ili choncho. Anamwino amatiuza tsiku loyembekezera, koma mwana sabadwa tsiku lomwelo nthawi zonse. Mwa ana 20 alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amabadwa pa tsiku limene analemba pa kadi. Ena amafulumira pang'ono, ena amachedwa pang'ono.

Tsiku likapitirira, pakhomo pamagwa nkhawa. Mayi amatopa ndipo amasowa tulo. Anansi amafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Kodi sanachirebe?" Ena amayamba kufuna mankhwala azitsamba. M'phunziro lino tiona chimene chimachitika mimba ikapitirira masiku, chimene achipatala amachita, ndiponso kufulumira kwa matenda akayamba.

Tiwerengere masiku

Mimba imatenga masabata 40, amene ndi masiku 280. Timayamba kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Njira yachidule ndi iyi: pa tsiku limenelo tionjezere masiku 7, kenaka tionjezere miyezi 9.

Tiyerekeze kuti msambo womaliza unayamba pa 10 Januwale, nthawi yopalira chimanga. Tikaonjezera masiku 7 tipeza 17 Januwale. Tikaonjezera miyezi 9 tipeza 17 Okutobala. Limeneli ndilo tsiku loyembekezera. Pa 24 Okutobala mimba idzakwana masabata 41. Pa 31 Okutobala idzakwana masabata 42.

Ambiri a ife sitikumbukira tsiku la msambo womaliza. Timangoti, "Inali nthawi ya dzinja," kapena "Inali nthawi yothyola fodya." Kulakwitsa ndi masabata awiri kapena atatu n'kosavuta. Chifukwa chake mimba zina zimene timati zapitirira zimakhala kuti sizinapitirire, koma kuwerenga ndiko kunalakwika. Ife amene tikuphunzira kulemba tili ndi mwayi. Tingathe kulemba tsikulo m'kope ndi kukalionetsa kwa anamwino. Tiyambenso sikelo msanga, miyezi itatu yoyamba isanathe. Mu 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasachepera 8, ndiponso kuti aunikidwe ndi makina masabata 24 asanakwane. Kuunika koyambirira kumathandiza kudziwa msinkhu weniweni wa mimba.

Chifukwa chiyani sitidikira mpaka kalekale?

Mwana ali m'mimba amalandira chakudya ndi mpweya kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Mimba ikapitirira masabata 41, nsengwa imatha kuyamba kufooka. Madzi amene mwana amakhalamo amatha kuchepa. Mwana wina amachita chimbudzi ali m'mimba, ndipo akachikoka ndi mpweya amavutika kupuma akabadwa. Mwana wina amakula kwambiri, njira n'kumuchepera. Ngozi yoti mwana afere m'mimba imakula masiku akamapitirira, makamaka pofika masabata 42.

Pachifukwa chimenechi, WHO imalangiza kuti mayi amene tikudziwa bwino kuti wakwana masabata 41 athandizidwe kuyambitsa matenda. Tisachite mantha tikamva zimenezi. Amayi ambiri amene apitirira tsiku lawo amayamba okha matenda m'masiku otsatira, ndipo amachira bwinobwino. Chofunika n'chakuti anamwino aziwaona, azimva kugunda kwa mtima wa mwana, ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi a mayi.

Kumudzi kwathu ena amati mimba ikachedwa kapena matenda akavuta ndiye kuti pali mapinga, wina sanayende bwino m'banja. Ena amati mimba yamangidwa. Timataya nthawi ndi kufunsa mayi kuti aulule, pamene mwana akufooka. Mimba imapitirira masiku ngakhale m'banja la anthu okhulupirika. Zimachitika kawirikawiri pa mimba yoyamba, ndiponso kwa mayi amene mimba yake ya m'mbuyo inapitiriranso.

Achipatala amayambitsa bwanji matenda?

Choyamba anamwino amayeza khomo la chiberekero. Amafuna kudziwa ngati lafewa ndi kuyamba kutseguka, kapena likadali lolimba ndi lotseka. Kenaka amasankha njira.

1. Kusisita ndi chala. Namwino amalowetsa chala pa khomo la chiberekero n'kulekanitsa pang'ono nsupa ndi chiberekero. Zimapweteka pang'ono, ndipo timagazi tochepa timatha kuoneka. Zikagwira ntchito, kawirikawiri matenda amayamba masiku awiri asanathe.

2. Mapiritsi a misoprostol. Amapatsidwa pang'onopang'ono, pa mlingo wochepa kwambiri, namwino akuyang'anira. Amafewetsa khomo ndi kuyambitsa kumangika kwa mimba. Mapiritsiwa sayenera kwa mayi amene anachitidwapo opareshoni pobereka.

3. Kachubu ka baluni. Amakalowetsa pa khomo la chiberekero n'kukadzaza madzi. Kamakankha khomo pang'onopang'ono mpaka litatseguka.

4. Kuboola nsupa ndi dripi ya oxytocin. Izi amachita khomo likafewa kale. Dripi imalimbitsa matenda, ndipo namwino amaichepetsa kapena kuionjezera poona m'mene mayi ndi mwana alili.

Ntchito imeneyi iyenera kuchitikira pamalo pamene opareshoni ingatheke ngati zinthu zavuta. Chifukwa chake namwino wa ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Tsangano akhoza kutilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu, monga cha ku Ulóngue m'boma la Angónia kapena cha mumzinda wa Tete. Kuyambira mu 1984 dziko la Mozambique lakhala likuphunzitsa akatswiri a opareshoni amene si madokotala, kuti azigwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Iwowa apulumutsa amayi ambiri. Tikalandira kalata, tisapite nayo kunyumba kukaisunga. Tinyamuke.

Matenda amayamba mofulumira bwanji?

Yankho limodzi palibe. Tione zitsanzo ziwiri.

Tiyerekeze mayi wa ku Chidzolomondo amene ali ndi mimba yachinayi. Tsiku lake lapitirira ndi masiku 6. Lolemba namwino amuyeza ndipo akuti, "Amayi, khomo lafewa koma matenda sanayambe. Pakafika Lachinayi muli chomwechi, tidzakutumizani kuti akakuyambitseni." Mayiyo akuuza amake kuti, "Amayi, masiku atatu ndi ambiri. Bwanji ndikaone ana kunyumba, ndibwere Lachitatu?" Amake akuyankha kuti, "Iyai mwanawe, khala pompano. Ana ali ndi bambo awo." Usiku wa Lolemba lomwelo msana ukuyamba kuwawa. Pakati pa usiku nsupa yasweka. Tambala woyamba asanalire mwana wabadwa. M'mawa munalibe chizindikiro chilichonse, koma zonse zatha m'maola ochepa. Akanabwerera kumudzi, akanachirira panjira, mumdima, popanda womuthandiza akataya magazi.

Tiyerekezenso mtsikana wa ku Ntengo-wa-Mbalame amene ali ndi mimba yoyamba. Wakwana masabata 41 ndipo khomo likadali lolimba. Ku chipatala chachikulu amupatsa mankhwala m'mawa. Dzuwa likulowa akungomva kupweteka pang'ono. Mwamuna wake akuyamba kudandaula kuti, "Apongozi, mankhwalawa sakugwira. Tiyeni tikayese kwina." Apongozi akuti, "Tidikire, anamwino akumuona." Matenda enieni akuyamba tsiku lachiwiri masana, ndipo mwana akubadwa usiku. Mankhwala anali kugwira ntchito yofewetsa khomo, ngakhale kunja kunalibe chooneka.

Tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, mayi amene wapitirira masiku akhoza kuyamba matenda ola lililonse, ngakhale usiku woti mawa akamuyambitse. Mayi amene anaberekapo amafulumira kuposa wa mimba yoyamba, ndipo ena amachira maola atatu asanathe. Chachiwiri, kuyambitsa matenda kumafuna kuleza mtima. Kwa ena kumatenga maola ochepa, kwa ena tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Khomo likatseguka masentimita 5, nthawi yotsala kuti lifike masentimita 10 kawirikawiri sipitirira maola 12 pa mimba yoyamba, ndi maola 10 pa mimba zotsatira. Ngati mankhwala alephera, kapena mwana watopa, achipatala amachita opareshoni.

Tikhale pafupi ndi chipatala

Midzi yathu ili m'mapiri ndiponso kutali ndi zipatala. Nthawi ya dzinja miseu imaterera ndipo mitsinje imadzaza. Njinga yamoto sipezeka msanga usiku. Chifukwa chake pafupi ndi zipatala zambiri za m'dziko muno pali nyumba za chidikiro, zimene m'Chipwitikizi amati casa de espera. Mayi wochokera kutali apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, ndipo asabwerere kumudzi chifukwa choti tsiku lapitirira. Pamenepo m'pamene ayenera kukhalitsa.

Abambo tili ndi gawo lathu. Tikagulitsa fodya, mbatata kapena nyemba, tipatule ndalama ya ulendo. Tikonze ufa, ndiwo, nkhuni, sopo, zitenje ndi beseni. Tipeze wosamala ana ndi ziweto. Tipangane ndi mwini njinga yamoto kapena ngolo nthawi ikadalipo, ndipo tilembe nambala yake ya foni pa kadi ya sikelo. Mayi amene akudziwa kuti kunyumba kuli bwino safulumira kuthawa kuchidikiro.

Zimene sitiyenera kuchita

Tisamwetse mayi mwanamphepo kapena chitsamba china chilichonse chofulumizitsa matenda. Mankhwala otere alibe mlingo. Chiberekero chimatha kumangika mwamphamvu mosapumira, mwana n'kusowa mpweya, chiberekero n'kuphulika. Dripi ya ku chipatala ikachuluka namwino amaitseka, koma chitsamba chikalowa m'mimba palibe angachibweze. Ngati mayi wamwa kale, tiwauze anamwino mosabisa kuti adziwe pomuthandizira.

Tisagule mapiritsi oyambitsa matenda pamsika kapena kwa munthu wamba. Ngati ku sikelo anatipatsa mapiritsi a misoprostol kuti tisunge, amenewo ndi oletsa kutaya magazi, ndipo amamwedwa mwana atabadwa kale. Kuwamwa mwana akadali m'mimba kungaphe mayi ndi mwana yemwe.

Tisakankhe kapena kupondereza mimba ya mayi. Tisamuuze kuti adzikakamize kukankha khomo lisanatseguke.

Zizindikiro zoti tithamangire kwa anamwino

Tisadikire tsiku limene anatipatsa, ndipo tisadikire kuti kuche, tikaona chimodzi mwa izi:

1. Mwana wasiya kusewera m'mimba, kapena akusewera pang'ono kusiyana ndi masiku onse.
2. Nsupa yasweka, ngakhale matenda asanayambe.
3. Madzi akutuluka obiriwira, akuda kapena onunkha.
4. Mayi akutaya magazi.
5. Mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, kapena mayi wakomoka.
6. Thupi latentha.
7. Mimba ikupweteka kwambiri mosalekeza.
8. Mimba ikumangika mobwerezabwereza, ndipo mphamvu yake ikukulirakulira.

Mau oti tilembe

nsengwa, nsupa, chiberekero, chidikiro, sikelo, namwino, opareshoni, sabata

Masamu

1. Sabata limodzi lili ndi masiku 7. Kodi masabata 41 ali ndi masiku angati?
2. Msambo womaliza wa mayi unayamba pa 3 Marichi. Pezani tsiku loyembekezera. Pezaninso tsiku limene mimba idzakwane masabata 41.
3. Mayi anapatsidwa mankhwala 8 koloko m'mawa Lachiwiri. Mwana anabadwa 8 koloko usiku Lachitatu. Panapita maola angati?

Mafunso

1. Kodi masiku a mimba timayamba kuwerengera pati?
2. N'chifukwa chiyani achipatala sadikira kupitirira masabata 41 kapena 42?
3. Tchulani njira ziwiri zimene achipatala amayambitsira matenda.
4. N'chifukwa chiyani mayi wa ku Chidzolomondo anachita bwino kumvera amake?
5. Kodi dripi ya ku chipatala ikusiyana bwanji ndi mwanamphepo?

Tikambirane

Kuchokera m'mudzi mwathu kukafika ku chipatala pali mtunda wa maola angati poyenda pansi? Nanga nthawi ya dzinja? Ndani m'mudzi muno ali ndi njinga yamoto kapena ngolo imene ingatithandize usiku? Kodi n'chiyani chimalepheretsa amayi athu kukhala kuchidikiro, ndipo ife a m'kalasi muno tingathandizepo bwanji? Tilembe mayankho athu m'kope, ndipo tikawafotokozere a mfumu pa msonkhano wa m'mudzi.