Phunziro 18: Kompyuta ya amalume

Amalume amakhala ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga. Ali ndi kompyuta yonyamula m'manja. Amalembera anthu makalata, anthuwo n'kuwalipira. Ndalama ya ufa imacokera pamenepo.

Masiku ano kompyutayo yacita ulesi. Ikuyenda ngati birimankhwe. Anthu akutopa kudikira, ena akubwerera.

Mwana wa mlongo wawo wabwera kudzaceza. Ali m'kalasi yoyamba.

"Amalume, kodi yadwala?"

"Iyayi, mwanawe. Memori yacepa."

"Memori n'ciyani?"

"Ili ngati bolodi la kusukulu kwanu. Nchito imene kompyuta ikugwira tsopano imailemba pamenepo. Bolodi likacepa, imangolemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Ndiye imacedwa. Ikazimitsidwa, bolodi lonse limafufutika."

Dzina lina la memori imeneyi ndi RAM.

Amalume akufuna kugula memori ina yowonjezera. Koma memori ilipo ya mitundumitundu. DDR3 inabwera mu 2007. DDR4 inabwera mu 2014. Pambuyo pake kunabwera DDR5. Mtundu uliwonse uli ndi kampata pamalo akeake. DDR4 singalowe pamalo a DDR3, monga kiyi wa nyumba ina satsegula citseko canu. Akagula yolakwika, ndalama yapita.

Mwana uja wathamangira kukhichini. Wabwera ndi mpeni.

"Tiitsegule, amalume, tione m'kati!"

"Bweza mpeniwo, ungaiwononge. Amayi ako akafuna kudziwa ngati dzira lili bwino, amaliswa?"

"Iyayi. Amaliika m'madzi."

"Eya. Nafenso sitiitsegula. Tingoifunsa."

Amalume adina mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Kompyuta yawo ili ndi Windows ya Cipwitikizi. Pagalasi paoneka mawu akuti Gestor de Tarefas. Adina Desempenho, kenako Memória.

"Werenga nambala iyi."

"Ndi 4, amalume. Pali G ndi B."

"Wakhoza. Memori yathu ndi 4 GB. Ndi yocepa ndithu. Nanga apa m'munsi?"

"1 de 2."

"Malo oikamo memori alipo awiri. Amodzi ali ndi memori, ena alibe kanthu."

Mtundu wake nthawi zina suoneka pamenepo. Conco amalume atsegula pulogalamu yaulere yochedwa CPU-Z. Imalemba m'Cingerezi. Adina Memory. Pafupi ndi mawu akuti Type pali malemba.

Mwana waloza ndi cala. Akuwerenga pang'onopang'ono.

"D. D. R. 3."

"Lemba papepala. Ulembe bwino, poti pepala limeneli ndilo ndipite nalo kusitolo. Ndikawauzanso kuti ndi ya kompyuta yonyamula m'manja, cifukwa memori yake ndi yaifupi."

Mwana walemba: DDR3. Nambala 3 yayang'ana kumbuyo. Amalume aseka. Mwana wafufuta, walembanso. Pepala lalowa m'thumba la malaya a amalume. Mpeni wabwerera kukhichini.

Tiyankhe

1. Kodi amalume amakhala kuti?
2. N'cifukwa ciyani kompyuta ikucedwa?
3. Malo opanda memori ndi angati?
4. Memori ya amalume ndi ya mtundu wanji?

Tilembe

D d R r 3 4 5

Kunyumba

Funsani amayi kapena agogo: amadziwa bwanji kuti cibvwende capsa asanacidule? Mawa mudzauze anzanu.