Mphwanga, Usanayankhe Makochi Aja

Amayi ako anandiimbira foni Lamlungu usiku, mawu akunjenjemera ndi chimwemwe, kuti wathamanga mamita 800 pa mphindi imodzi ndi masekondi 55, ndipo makochi a makoleji awiri akulembera kale. Ndinaomba m'manja ndili ndekha m'khitchini ngati wamisala. Kenako anatsitsa mawu nati: "Achimwene, mwanayu mulankhule naye ndinu, ife za makolejizi sitikuzitsata." Ndiye pano ndikulankhula, monga malume ako.

Usaganize kuti ndikudziwa za liwiro kuposa iwe. Ine ndinkathamanga kusekondale kumudzi, wopanda nsapato, pabwalo la udzu lomwe mizere yake tinkalemba ndi laimu m'mawa wa tsiku la mpikisano, ndipo wopambana ankapita kwawo ndi sopo ndi makope awiri. Zomwe ndikudziwa za makoleji a kuno ku Amereka ndinaziphunzira pa msuweni wako, mwana wanga, ndipo ngongole ya phunziro limenelo sitinamalize kubweza mpaka lero.

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Panali kochi wina amene ankamuimbira foni sabata iliyonse. Ankadziwa dzina la mayi ake, ankafunsa za mayeso, ankati timu yake yonse aimanga pa iye. Analonjeza pakamwa kuti adzamulipirira theka la fizi. Mnyamata uja anajambulitsa atavala juzi ya sukuluyo, nkuika pa Instagram, ndipo makochi ena onse anasiya kuimba tsiku lomwelo. Patangopita miyezi itatu kochi uja anapeza ntchito yamalipiro abwino kusukulu ina, osatsanzika nkomwe. Wolowa m'malo mwake anabwera ndi ana ake amene ankawafuna. Anatiuza mwaulemu ndithu kuti malo m'timu alipo, koma ndalama zomwe angakwanitse ndi za mabuku basi. Tinalibe pepala lililonse loti timuonetse. Fodya wathu anali wapachala, mphepo inamutenga tikuona.

Kochi woyamba uja sindimuda. Ankagwira ntchito yake, ndipo ntchito ya kochi wa koleji ndi kupeza miyendo yoti imubweretsere mapointi pa mpikisano wa chigawo chake, apo ayi amuchotsa. Malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, amalola makochi a gawo lapamwamba la Division I kuyamba kulankhula ndi mwana kuyambira pa 15 June akamaliza giredi 10, choncho makalata ngati amene walandirawo amatumizidwa ambirimbiri sabata imodzi. Kulandira kalata kukutanthauza kuti dzina lako lili pamndandanda. Utali wa mndandandawo sadzakuuza pokhapokha utafunsa.

Tiye tikambe za ndalama, chifukwa ndi pomwe ife tinagwera. Anthu akwathu akamva mawu oti sikolashipu amaganiza kuti zonse zalipiridwa, kuyambira fizi, chipinda mpaka chakudya. Pa masewera a liwiro sizinayambe zakhalapo choncho kwa ambiri. Kwa zaka zambiri lamulo linali loti timu ya anyamata ya Division I isapitirire masikolashipu 12.6, ya atsikana 18. Masikolashipu 12.6 amenewo ankagawana othamanga mamita 100, odumpha, oponya nthungo, othamanga mitunda italiitali, anthu makumi anayi kapena kuposa. Uyu chidutswa, uyo chidutswa, ambiri osalandira kanthu. Mu June 2025, khoti litavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene ochita masewera anasumira NCAA, malire a masikolashipu anachoka m'sukulu zomwe zinalowa mumgwirizanowo, koma m'malo mwake panabwera malire a chiwerengero cha anthu: 45 m'timu ya pabwalo, 17 m'timu yothamanga m'tchire. Papepala zikuoneka ngati ndalama zachuluka. Koma sukulu siikakamizidwa kulipirira onse 45, ndipo ndalama zambiri zimayamba zapita ku mpira wawo uja wamanja ndi basiketibo, masewera odzaza mabwalo. Chomwe chinachepa ndi malo a mwana wapakatikati amene kale ankalowa m'timu popanda ndalama nkumakula pang'onopang'ono.

Ndiye kochi akakuuza kuti akupatsa gawo lakuti mwa magawo zana, usatengeke ndi kukula kwa nambalayo. Pali mayunivesite omwe mtengo wake pachaka umadutsa madola 80,000. Theka la pamenepo ndi lokwera kuposa fizi yonse ya yunivesite yaboma ya m'chigawo chanu chomwecho cha Indiana. Nambala yofunika ndi imodzi yokha: amayi ako azitulutsa zingati m'thumba chaka chilichonse, kwa zaka zinayi? Uwapemphe akulembere imeneyo. Ufunsenso ngati thandizolo ndi la zaka zinayi kapena la chaka chimodzi choti aziliunikanso, komanso chomwe chimachitika ukavulala kapena kochi akachoka. Kalata yakale ija ya National Letter of Intent anaithetsa ku Division I mu 2024, tsopano umasaina pepala la thandizo lochokera kusukulu mwini. Pepala limenelo tidzaliwerenge limodzi, mzere ndi mzere, ngakhale tizilembo tating'ono ta pansi.

Pali ndalama zina zomwe sizithyoka pamodzi ndi mwendo, ndizo zobwera chifukwa cha malikisi a m'kalasi ndi zobwera chifukwa cha kuchepa kwa mapezedwe a pakhomo. Amayi ako adzaze fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la fizi nthawi yake ikangokwana. NCAA imafuna maphunziro 16 ovomerezeka ndi avereji ya malikisi (GPA) ya 2.3 kuti upikisane ku Division I, koma pamenepo ndi pakhomo chabe. Kochi akaona mwana wa 1:55 wokhala ndi malikisi apamwamba amamwetulira, chifukwa amadziwa kuti ofesi ina ya sukuluyo ndiyo imulipirire, thumba lake la timu osaligwira. Ndamva kuti masamu wawatayirira chiyambire nyengo ya mipikisano. Sekondi imodzi imene ukuivutikira pabwalo mwina siikubweretsera ndalama zofanana ndi zomwe ukutaya m'kalasi la masamulo.

Tsopano ndikuuze zomwe amayi ako sangakuuze. Nthawi yakoyo ndi yabwino kwa mnyamata wa giredi 11, koma si yoti makochi a masukulu akuluakulu asowe nayo tulo. M'matimu amenewo muli anyamata othamanga pansi pa 1:50, ndipo olowa mpikisano womaliza wa NCAA amakhala cha m'ma 1:45 ndi 1:46. Sukupikisananso ndi ana a kuno okha. Makochi akhala akupita ku Kenya kuyambira kalekale. Henry Rono anali wophunzira ku Washington State pomwe anaswa mbiri zinayi za dziko lonse m'masiku 81 mu 1978. Paul Ereng anatenga golide wa mamita 800 ku Seoul mu 1988 ali mwana wa sukulu ku Virginia. Edward Cheserek anachoka ku Oregon ndi zikho 17 za NCAA. 

Usadikire kuti wina akuuze pomwe waima. Zotsatira zonse za mipikisano ya makoleji zili pa webusaiti ya TFRRS, zaulere. Tsegula sukulu iliyonse imene ikukufuna, uone nthawi ya munthu amene anakhala wachisanu ndi chitatu pa mamita 800 pampikisano wa chigawo chawo, popeza nthawi zambiri mapointi amathera pamenepo. Ngati uli pafupi ndi nthawi imeneyo, kochi akukufunadi ndipo ndalama angazipeze. Ngati uli kutali ndi masekondi asanu, akukufuna kuti uzithandiza anzako pokonzekera, mipikisano ikuluikulu uzionera pafoni iwo atakwera basi. Ukatero ubwerere m'mbuyo zaka zinayi, uwerenge mayina a amene analowa m'timuyo chaka choyamba. Ndi angati anafika chaka chachinayi akuthamangabe? Ndi angati nthawi zawo zinatsika? Ine ndikanachita zimenezi usiku umodzi wokha, ndikanaona kuti kusukulu imene msuweni wako anapita mayina ankazimiririka chaka chachiwiri.

Ndikudziwa kuti m'mutu mwako muli Cole Hocker, mwana wa ku Indianapolis konko amene anapita ku Oregon nkudzatenga golide wa mamita 1500 ku Paris mu 2024. Koma pampikisano womwewo wachitatu anali Yared Nuguse, mwana wa makolo ochokera ku Ethiopia, amene anaphunzira ku Notre Dame pafupi ndi kwanu pomwepo nkumaliza digiri yake ya sayansi asanayambe kudyera liwiro. Clayton Murphy, amene anatenga mendulo ya mkuwa pa mamita 800 ku Rio mu 2016, anachokera ku Akron, sukulu yomwe palibe amene ankaitchula pa nkhani za liwiro. Ndipo amene ndimamukonda kwambiri ndi Nick Symmonds. Iyeyu anaphunzira ku Willamette, kakoleji ka Division III, komwe sapereka ngakhale dola imodzi chifukwa cha masewera. Anapita ku Olimpiki kawiri, ndipo ku London mu 2012, tsiku lomwe David Rudisha anathamanga 1:40.91, Symmonds anali mumpikisano womwewo, nkumaliza wachisanu. Kumbali inayi kuli Alan Webb, amene mu 2001 ali kusekondale anathamanga mailo imodzi pa 3:53.43 nkuswa mbiri ya kusekondale ya Jim Ryun yomwe inakhala zaka 36. Sukulu iliyonse inkamufuna. Anasankha Michigan, anakhalako chaka chimodzi basi, nkuchoka. Choncho kochi wa Division II, Division III kapena wa bungwe lina la NAIA akakulembera, umuyankhe mwaulemu womwewo. Sudziwa kuti khomo lako ndi liti.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama ndi thupi lako. Kukoleji wothamanga wa mtundu wako sapuma: m'tchire kuyambira August, komwe anyamata amathamanga makilomita 8 kapena 10 pomwe iwe wazolowera 5, kenako m'nyumba nthawi ya chisanu pakabwalo ka mamita 200 kokhota mowawa, kenako panja mpaka May kapena June. Msuweni wako anamuwonjezera mtunda wa pasabata pafupifupi kawiri m'miyezi iwiri yoyamba. Fupa la msongolo linang'aluka. Anabisa ululu milungu itatu poopa kutaya malo, ndipo pomwe ankaulula nkuti litafika poti chaka chonse chapita. M'timu munalibe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Ukawerenge zomwe Mary Cain ananena poyera mu 2019. Anali mtsikana wothamanga kuposa anzake onse a msinkhu wake m'dziko muno, analowa gulu la Nike Oregon Project, ndipo anafotokoza kuti ankamukakamiza kuchepetsa thupi mpaka anathyoka mafupa asanu. Dzina lalikulu la gulu silinamuteteze.

Ndiye akakuitana kukaona sukulu, adzakuonetsa chipinda chochitiramo majimu chonyezimira, adzakuveka yunifomu nkukujambula, adzakudyetsa bwino. Idya, uthokoze. Koma upemphe kucheza ndi amene ali ovulala panthawiyo, kochi palibe, uwafunse kuti anawaimbira foni liti komaliza. Ufunse kochiyo kuti chaka choyamba adzakuthamangitsa mtunda wotani pasabata, ndipo ngati yankho lake ndi lofanana kwa aliyense, dziwa kuti sanakuyang'ane. Ukalowenso m'kalasi limodzi la maphunziro amene ukufuna, ufunse ngati alipo m'timu amene akuchita maphunziro omwewo, chifukwa masukulu ena amakankhira othamanga ku maphunziro opepuka osasokoneza nthawi ya kubwalo. Pomaliza uyende wekha pasukulupo madzulo, udzifunse ngati ungakhalepo zaka zinayi ukuyendera ndodo. Msuweni wako anakhala zaka ziwiri m'tauni yozizira yomwe sanaikonde, akuphunzira zomwe sanazifune, chifukwa chinthu chimodzi chomwe anapitira chinali chitatha.

Za anthu amene akuuza amayi ako kuti alipire madola mazanamazana kuti akutsatse kwa makochi, musawapatse kanthu. Liwiro si mpira woti wina achite kukuyamikira. Nthawi zako zili kale pa MileSplit ndi Athletic.net, aliyense akuziona. Lemba wekha imelo yaifupi kwa makochi a masukulu khumi kapena khumi ndi asanu: dzina, giredi, nthawi zako za mamita 400, 800 ndi 1600, malikisi ako, mtunda umene umathamanga pasabata, ndi nambala ya kochi wako wapano. Ulembe ndiwe, osati amayi ako, osatinso ine. Ndipo mtunda wa pasabatawo usauwonjezere pofuna kuoneka wolimba. Kochi wanzeru akaona 1:55 yochokera pa mtunda wochepa amadziwa kuti m'nkhokwe mudakali chimanga.

Ndibwera pa Thanksgiving. Usunge makalata onse m'envelopu imodzi, ulembe mayina a masukulu ndi mitengo yake papepala, ndipo msuweni wako ndibwera naye, wavomera kuti akufotokozere yekha za mwendo uja. Kufikira tsiku limenelo usalonjeze munthu aliyense, ndipo usajambulitse utavala juzi ya sukulu ina iliyonse.