Gwirani pensulo musanayatse kompyuta

Wachinyamata amene waphunzira uinjiniya masiku ano amatha kumanga shafuti yonse pa SolidWorks m'mphindi zochepa, n'kumaitembenuza uku ndi uku pasikirini, pensulo osaikhudza. Palibe cholakwika pamenepo. AutoCAD inatuluka mu 1982, SolidWorks mu 1995, ndipo palibe amene akufuna kuti tibwerere kumakhala tsiku lonse pathabwa lojambulira tikufufuta mzere umodzi wolakwika. Vuto n'lakuti kompyuta siikana. Mukaiuza kuti iike bowo pamalo pamene chiboolera sichingafike, iika. Mukaiuza kuti ngodya yam'kati mwa dzenje ikhale yosongoka, ichita, chonsecho mpeni wa makina a milling ndi wobulungira ndipo sungadule ngodya yotero. Dzanja limachedwa, ndipo kuchedwako kumakupatsani mpata wodzifunsa kuti mzere uliwonse ukumuuza chiyani mmisiri amene adzadule chitsulocho.

Yambani ndi kusonkhanitsa zida. Si zambiri: mapepala a A4 kapena A3, pensulo ya 2H ya mizere yopepuka, ya HB ya mizere yooneka, lula, set square ya 45 ndi ina ya 30 ndi 60, kompasi, chofufutira ndi vernier.

Chachiwiri, pezani chitsulo chenicheni. Musakopere chithunzi cha m'buku. Pitani kwa amisiri okonza makina mukapemphe shafuti yakutha, mwachitsanzo ya makina osendera mtedza, pamodzi ndi pule yake. Iikeni patebulo ndipo muijambule ndi dzanja lokha, opanda lula, musanayeze chilichonse. Mzere woyamba ukhale wapakati, uja wa kamzere katali ndi kadontho, chifukwa chinthu chilichonse chozungulira chimamangidwa kuchokera pamenepo. Yerekezani ndi maso kuti utali wa shafutiyo ndi kangati poyerekeza ndi kunenepa kwake. Mukatha, tengani vernier muone pamene maso anakunamizani. Mukazolowera kuchita zimenezi mudzayamba kuzindikira msanga khoma lopyapyala kwambiri kapena bawuti yochepa mphamvu, zimene sikirini imabisa chifukwa kachitsulo ka 5 mm ndi chitsulo cha 500 mm zimadzaza galasi mofanana.

Chachitatu ndi kuonetsa chinthucho kuchokera mbali zitatu: kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali. Maziko a luso limeneli anawayala ndi Gaspard Monge wa ku France, amene buku lake linatuluka mu 1799, ndipo mapulogalamu onse a CAD amatsatirabe mfundo zomwezo potulutsa zojambula. Kokani mizere yopepuka kuchokera pa chithunzi chakutsogolo kupita pa zinazo, kuti bowo lililonse ligwere pamalo ake m'zithunzi zonse. Apa pali msampha umene wawonongetsa zitsulo zambiri. Mu first angle, imene imagwira ntchito kwambiri ku Europe, zimene mukuona kuchokera pamwamba mumaziika pansi pa chithunzi chakutsogolo, ndipo zakumanzere mumaziika kumanja. Mu third angle ya ku America, zapamwamba zimakhala pamwamba, zakumanja kumanja. Kuno timalandira makina ndi zojambula kuchokera m'maiko osiyanasiyana, choncho jambulani chinthu chimodzi m'njira zonse ziwiri, ndipo musaiwale kachizindikiro kake pangodya ya pepala. Mmisiri akawerenga njira ina pamene inu munatanthauza inzake, mabowo adzakhala mbali yolakwika.

Chachinayi, dulani pule ija m'maganizo muone m'kati mwake. Pamene mpeni wadutsa m'chitsulo lembani timizere topendekera pa madigiri 45, ndipo zitsulo ziwiri zogundana timizere take tiloze kosiyana. Shafuti, bawuti ndi kiyi sizilembedwa timizere zikadulidwa chamlitali. Mukamajambula zimenezi nokha, funso limabwera lokha: kodi sipanala ilowera pati kuti imange nati iyi?

Gawo lachisanu, la miyeso, ndi limene ndikufuna kuti muchedwepo kwambiri, chifukwa apa ndi pamene wojambula amasiyana ndi wodina mabatani. Pulogalamu ikhoza kumwaza miyeso papepala yokha, koma siidziwa kuti muyeso uti ndi wofunika. Tiyerekeze kuti shafuti yanu ili ndi masitepe asanu, iliyonse yotalika 20 mm. Mukalemba miyeso molumikiza, uwu kuyambira pamene unzake wathera, ndipo pepala lanu likutsatira gulu lapakati la ISO 2768, sitepe iliyonse ikuloledwa kuphonya ndi 0.2 mm. Zikaphonyera mbali imodzi zonse, kumapeto kwa shafuti kwasuntha ndi milimita yathunthu, pule siikugwirizananso ndi inzake, ndipo lamba ayamba kudyeka. Sankhani nkhope imodzi, makamaka phewa limene beringi imatsamira, ndipo miyeso yofunika ichokere pamenepo. Muyeso umodzi usalembedwe kawiri. Musamusiyirenso mmisiri ntchito yowonkhetsa ndi kuchotsera manambala ali pamakina.

Kenako ganizirani malo okhala beringi. Beringi ya 6205 ili ndi bowo la 25 mm, kunja kwake 52 mm, m'lifupi 15 mm. Kulemba 25 yekha sikukwanira. Ngati shafuti ndi imene ikuzungulira, nthawi zambiri pamafunika kuti beringi igwire pang'ono, monga k6, kutanthauza pakati pa 25.002 ndi 25.015 mm. Lembani manambala awiriwo bwinobwino kuti wina asakafunefune m'buku. Kupindika kwa pangodya ya phewa kukhale kochepa kuposa kwa beringi, apo ayi beringi ikhalira pangodyapo osafika paphewa. Shafuti ya 25 mm imatenga kiyi ya 8 × 7, ndipo ngalande yake mu shafuti imazama 4 mm. Bowo lodula mazinga a M10 limayamba ndi chiboolera cha 8.5 mm, pamene bowo longodutsa bawutiyo ndi la 11 mm. Manambala otere amakhazikika m'mutu mukawalemba ndi dzanja lanu. Ndipo chonde musafinye miyeso paliponse: malo amene sakhudzana ndi chilichonse asiyeni omasuka, chifukwa muyeso wothina uliwonse ndi nthawi ya mmisiri ndiponso ndalama za mwini makina.

Chachisanu ndi chimodzi, tengani pepalalo mupite nalo kwa mmisiri wa lathe, kaya ku Ndirande, ku Kanengo kapena kusukulu ya ntchito zamanja imene muli nayo pafupi. Musamufotokozere kanthu poyamba. Mupatseni n'kunena kuti, “Amisiri, mukanati mupange ichi mukanayambira pati?” Funso lililonse limene angakufunseni likuloza chimene chasowa papepalapo. Akakuuzani kuti alibe pogwirira chitsulocho, kapena kuti chitsulo cha kukula kotero sichipezeka, konzani pomwepo ndi pensulo, awiri nonse mukuona. Ubwino wina wa luso limeneli umaonekera apa: pamalo a ntchito, manja ali ndi girizi, mwina magetsi azima, nkhani imatha ndi kachidutswa ka katoni kapena choko pansi. Injiniya amene sangathe kujambula kachithunzi ka isometric, mizere yake itapendekera pa madigiri 30, amangolankhula ndi manja m'malere mmisiri osamva.

Tsopano yatsani kompyuta. Mangani chinthucho motsatira pepala lanu, kuyambira pa nkhope yomwe ija munasankha, kuti mukasintha muyeso umodzi zina zisabalalike. Chojambula chikatuluka, chisindikizeni n'kuchiika pambali pa chadzanja chija. Ndi cholembera chofiira chongani muyeso uliwonse, muone ngati pulogalamu yasankha first angle kapena third angle, ngati ikuwerenga mamilimita kapena mainchi, ndiponso ngati mizere yooneka ndi yonenepa kawiri kuposa ya miyeso, monga 0.5 ndi 0.25 mm. Sabata yotsatira tengani chinthu chovutirapo, monga nyumba ya beringi yokhala ndi mabowo anayi, mubwerezenso kuyambira pa mzere wapakati.