Zipinda Ziwiri, Nyumba Imodzi

Achemwali anga anandibweretsera laputopu yawo itakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Iwo ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anali atamva kusukulu kuti pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft isiya kusamalira Windows 10. Makina awo anali akale, opanda kachipangizo ka TPM 2.0 komwe Windows 11 imafuna, ndiye njira yolowera kumeneko inali yotseka.

"Iwe umazitsata izi," anatero. "Ndithandize. Koma za mu D usazikhudze."

"Musade nkhawa achemwali, zimenezo n'zing'onozing'ono."

Kunena zoona, ndinali nditayikapo Ubuntu kamodzi kokha, pa kompyuta yopanda kanthu. Koma pakhomo pathu ine ndiye ndinali katswiri, ndipo ulemu woterowo umaledzeretsa kuposa kachasu. Ndinawauzanso monyadira kuti Ubuntu ndi mtundu umodzi wa Linux, kuti anayambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndiponso kuti dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Anangomwetulira n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Ndinabaya fulashi yoyikira Ubuntu, n'kudina F12. Pa sikirini panabwera mizere iwiri yotchula fulashi yomweyo, wina woyamba ndi mawu akuti UEFI, wina wopanda. Ndinasankha wopandawo chifukwa unali wamfupi. Apa ndi pomwe mbuzi inaduka chingwe. Kompyuta imadzuka m'njira ziwiri, yakale yotchedwa Legacy ndi yatsopano ya UEFI. Windows ya achemwali inayikidwa m'njira yatsopano, pomwe ine ndinadzutsa fulashi m'njira yakale. Choncho pulogalamu yoyika Ubuntu sinaione Windows, ndipo mwayi woyika ziwirizo moyandikana sunaoneke n'komwe. Ndikanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndikanathanso kusankha zongoyesa Ubuntu ili pa fulashi pomwepo, zomwe sizikhudza kanthu m'makina, n'kukopera kaye katundu wa achemwali kwina. Koma tiyi anali atafika patebulo, ndipo ndinkafuna kuti akamamaliza kumwa aone zodabwitsa.

Pamwamba panali mzere wakuti "Erase disk and install Ubuntu". Ndinalingalira motere: ifufuta C, komwe kuli Windows yomwe sitikuifunanso, D isiyidwa poti ndi disiki ina. Kunabweranso kabokosi kochenjeza, kotchula dzina lachilendo lakuti sda. Ndinakawerenga ngati mmene timawerengera mawu ang'onoang'ono a pafomu ya ngongole.

C ndi D sanali madisiki awiri. Zinali zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Windows imapatsa chigawo chilichonse chilembo chakechake, ndiye ambiri tinakula tikuganiza kuti chilembo ndi disiki. Linux siwerenga choncho. Kwa iyo nyumba yonse ndi sda, zipinda zake ndi sda1, sda2, mpaka pomwe zathera. Ikati ifufuta disiki, ikunena nyumba yonse, ndi khonde lomwe. Sinandinamize. Inanena poyera chomwe ichite, ine n'kuvomera.

Koma usiku umenewo sindinadziwe kanthu. Nditazula fulashi n'kuyatsanso, makina anangolemba kuti "No bootable device" pa sikirini yakuda bii. Thukuta linayamba kutsika. Ndinafufuza pafoni, n'kumva za kusemphana kwa UEFI ndi Legacy kuja, ndipo ndinayikanso Ubuntu kachiwiri, ulendo uno molondola. Inadzuka bwinobwino. Kenako ndinaona kuti Wi-Fi kulibe. Kachipangizo kake kanali ka Broadcom, ndipo dalaivala wake sabwera atayikidwa kale chifukwa ndi wa kampani, si wotseguka kwa aliyense ngati Linux yeniyeniyo, ndipo nthawi zambiri umachita kumutenga pa intaneti. Ndiye kuti upeze intaneti, uyambe wakhala ndi intaneti. Ndinalumikiza foni ndi chingwe, n'kugawa bandulo yanga, dalaivala n'kulowa. Nditaona netiweki yatulukira, ndinasangalala mpaka kutsitsa chilichonse chomwe makina anandiuza kuti nditsitse, kuwonjezapo mapulogalamu a nyimbo ndi mafilimu. Bandulo inathera pomwepo. Ndinagona ngati munthu wopambana mlandu.

M'mawa achemwali anakhala pakhonde ndi laputopu pamiyendo.

"Yayamba kuthamangatu. Nanga D ndilowera pati?"

Ndinafunafuna. Ndinatsegula pulogalamu yoonetsa magawo a disiki, ndipo ndinaona kachigawo kakang'ono koyambira, kenako chimzere chimodzi chachitali mpaka kumapeto. Malovu anauma m'kamwa.

Mu D munali masikimu awo a zaka zambiri, mayeso omwe analemba okha, ndi makalata a kuntchito. Munalinso zithunzi za chinkhoswe chawo, komanso mawu a bambo athu omwe anajambulidwa pafoni tsiku limenelo akupereka malangizo. Bambo anatisiya kalekale, foni ija nayo inabedwa. Achemwali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Paja ndinanena chiyani?" n'kunyamuka kukasesa pabwalo pomwe anali atasesa kale.

Mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe ndiye anandifotokozera kukula kwa zomwe ndinachita. Poyamba anandifunsa funso limodzi lokha: "Chifufutireni, mwaigwiritsa ntchito?" Nditamuuza za kuyika kachiwiri, dalaivala ndi zotsitsa zonse zija, anagwira pakamwa.

Pa disiki yakale yozungulira ngati ya achemwali, kufufuta kotere sikuchotsa mafayilo nthawi yomweyo. Kumangong'amba kaundula wonena kuti chakuti chili pakuti, malowo n'kulembedwa kuti ndi opanda mwini. Katundu amakhala akadalimo kufikira china chitalembedwa pamwamba pake. Ndikanazimitsa makina pomwe anakana kudzuka paja, pulogalamu ya TestDisk ikanatha kufufuza malire a chigawo chakale, mwina zambiri n'kubwerera ndi mayina ake. Koma ine ndinathera usiku wonse ndikumanga pamanda. Chilichonse chomwe ndinakonza, ndipo ndinakonzadi bwino, chinkagwera pa katundu wa achemwali. Anawonjeza kuti tinachita mwayi kuti sinali SSD, chifukwa pa iyo zofufutidwa nthawi zambiri zimapitiratu.

"Akulu, safunsa anadya phula," anatero akumasula tizisikuluwu.

Anachotsa disikiyo, n'kuilumikiza ku kompyuta yake, kuti pasalembedwenso kanthu. Anagwiritsa ntchito PhotoRec, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Christophe Grenier, yemwenso analemba TestDisk. Imeneyi silabadira kaundula. Imayenda disiki yonse ngati munthu wokunkha m'munda mokolola kale, kutola chilichonse chooneka ngati chiyambi cha chithunzi kapena kalata. Inagwira ntchito usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Ndinagula disiki ina yoikamo zotoledwazo, yomwe ndikanagula pachiyambi pa mtengo womwewo.

Zinabwerako zambiri, koma zopanda mayina. Fayilo iliyonse inali chilembo f ndi manambala ambirimbiri, chithunzi cha agogo chitagona limodzi ndi tizithunzi ta pa intaneti tomwe palibe anatifunapo. Zithunzi zina zinabwera theka, nkhope ili bwino koma kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi kuli mbuu.

Mpaka pano achemwali amatsegula mafayilowo madzulo akamaliza kuchonga makope, limodzilimodzi, n'kumawapatsa mayina. Ubuntu ija ikuyenda bwino kwabasi, sinavutepo. Mawu a bambo anawapeza sabata yachitatu. Amayamba bwino, akutsokomola kaye monga ankachitira, n'kuthokoza a kuchimuna chifukwa chobwera. Akafika pakuti "Tsono mwana wanga, ine mawu anga ndi awa," phokoso limalowerera ngati wailesi yataya siteshoni, kenako zii.