Mdzukulu wabadwa wochepa thupi

Zikomo mayi amene mwatilembera kuchokera kwa Nambazo ku Phalombe. Mukuti mwana wanu wa zaka 16 wachira, koma khanda likulemera makilogalamu 2 okha, ndipo mukufunsa ngati pali wina anachitapo zake.

Ayi mayi, musaloze munthu chala. Achipatala amati khanda ndi lochepa thupi likabadwa losafika makilogalamu 2.5, ndipo zifukwa zake zimadziwika. Choyamba ndi msinkhu womwewo. Mtsikana wa zaka 16 thupi lake likukulabe, choncho chakudya chimene akudya amalimbirana ndi mwana ali m'mimba.

China ndi malungo, ndipo inu a m'chigwa, kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa, udzudzu mukuudziwa. Tizilombo ta malungo timabisala mu nsengwa, mayi osamva ngakhale kutentha thupi, koma mwana akulandira chakudya chochepa. N'chifukwa chake kusikelo amapereka neti ndi Fansidar, amene woyembekezera ayenera kumwa katatu kapena kupitirira. Kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, mowa, fodya ndi kubereka pafupipafupi nazonso zimachepetsa mwana.

Chimene chimandiwawa ine ndi malangizo akuti woyembekezera asadye mazira, kapena adye pang'ono kuti asavutike pochira. Mpatseni mazirawo, nandolo, matemba, chisoso!

Panopa khandalo likhale pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku, ndipo liziyamwa pafupipafupi. Likakana bere, likazizira kapena kupuma mobanika, thamangirani kuchipatala cha Holy Family kapena cha boma ku Migowi tsiku lomwelo.