Thonje la ku Mdeka ndi Mawu Amene Tikutaya

Ndinakulira ku Mdeka, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lirangwe ndi Zalewa, dera lotentha la milambe komwe mvula imagwa mwanjomba. Chimanga chikapserera, agogo ankadalira thonje.

M'chaka cha 1859, David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Iwo ankasiyanitsa thonje kaja, lachikhalire, ndi thonje manga, lochokera kunja. Ine ndimaona kuti manga ameneyu ndi yemwe ali m'mawu akuti chimanga, mbewu inanso yobwera.

Nsalu za m'mafakitale a ku Lancashire zitachuluka, luso lowomba linazilala. Mlimi anangotsala ndi kulima, kupopera ndi kutola. Fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, thonje linayambanso kusanduka nsalu kwathu konkuno, koma pomwe inkagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003 n'kuti kaunjika atadzaza kale misika.

Tchuthi chapitachi ndinafunsa achinyamata anzanga pamsika wa Mdeka tanthauzo la mneni kuwomba. Anatchula kuwomba m'manja ndi kuwomba mfuti. Nditanena za nsalu, anati ndikafunse agogo, omwe anatisiya chaka chatha.