Phunziro 14: Kufunsa bwino za cakudya

Mwana amene sadya bwino sakula bwino. Amadwaladwala. M'kalasi amasinza. Anamwino ndi aphunzitsi amafuna kudziwa zimene ana amadya. Kuti adziwe, amafunsa mafunso. Funso labwino limabweretsa yankho loona. Funso loipa limabisa mwana wanjala.

Funso la za dzulo

Wina afunsa kuti: "Kodi umadya bwino?" Mwana aliyense ayankha kuti: "Inde." Wofunsayo sanadziwe kanthu.

Wina afunsa kuti: "Dzulo m'mawa unadya ciani? Nanga masana? Nanga madzulo?" Mwana akumbukira, nanena. Za dzulo munthu amakumbukira. Za mwezi watha amaiwala.

Funso limodzi, cinthu cimodzi

"Kodi unadya nyemba ndi nsomba?" Awa ndi mafunso 2. Mwana amene anadya nyemba zokha asowa coyankha. Wofunsa wanzeru amayamba ndi nyemba. Pambuyo pake amafunsa za nsomba.

Funso losacititsa manyazi

"Unadya nyama, si conco?" Funso ili lasonyeza kale yankho. Mwana acita manyazi. Avomera ngakhale sanadye. Wofunsa wabwino amangoti: "Ndiwo zinali ciani?" Iye saseka yankho. Sauzanso anthu ena za m'nyumba ya eni ake.

Zakudya zoiwalika

Anthu ambiri amati adya akadya nsima. Amaiwala mango, nthoci, nzimbe, masau ndi malambe. Izinso ndi zakudya. Cifukwa cake pali funso lina: "Unadyanso ciani kumunda kapena panjira?"

Muyeso wodziwika

"Unadya zambiri?" Zambiri za mwana si zambiri za atate. Funso labwino ndi ili: "Unadya mitanda ingati ya nsima?" Mitanda imawerengeka: 1, 2, 3.

Malo ndi nyengo

Ku Angónia anthu amalima cimanga, nyemba ndi mbatata. Ku Metangula, m'mbali mwa nyanja, amadya usipa ndi cinangwa. Ku Cahora Bassa kuli kapenta. Wofunsa amachula zakudya za kumalo komweko, m'cinenero ca anthu ake.

M'dzinja nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu. M'masika cakudya cimaculuka. Wofunsa amafunsa kawiri, m'dzinja ndi m'masika. Akafunsa m'masika mokha, njala ya m'dzinja siioneka.

Kuyesa mafunso

Asanapite kumudzi, wofunsa amayesa mafunso ake pa anthu owerengeka. Funso limene anthu sanalimve amalikonza.

Mayankho ali ndi nchito

Nsima ndi cinangwa zimapatsa mphamvu. Nyemba, nsawa, mazira ndi nsomba zimakulitsa thupi. Nkhwani, bonongwe, maungu ndi zipatso zimateteza ku matenda. Mayankho amasonyeza cimene cikusowa m'mbale ya mwana. Pamenepo makolo ndi anamwino amathandizana.

Mafunso

1. Funso labwino ndi liti: "Umadya bwino?" kapena "Dzulo unadya ciani?"
2. Cifukwa ciani wofunsa saseka yankho?
3. Ndi nyengo iti imene cakudya cimacepa?

Nchito ya kunyumba

Mwana afunse agogo kapena amayi zimene anadya dzulo. Ayambe ndi moni, napemphe cilolezo. Ajambule zakudyazo m'kope. Pa mtanda uliwonse wa nsima alembe kamzere kamodzi. Makolo amuthandize kuwerenga timizereto.